Zakeyo Asumira Zakeyo

Mu Ufumu wa Tavomera munali nyuzipepala imodzi yokha, dzina lake Zonse Zili Bwino, ndipo inkatuluka Loweruka lililonse. Inali ya masamba asanu ndi atatu. Asanu ndi awiri ankanena za Mfumu Ndamvakale Wachiwiri: kumene yapita, chimene yavala, ndi mvula imene yagwa chifukwa cha utsogoleri wake wanzeru. Tsamba lomaliza linali la Zakeyo Kamphonda, ndipo tinene mosapsatira, ndi lokhalo limene anthu ankawerenga asanayatsire mbaula.

Ntchito ya Zakeyo inali kunama. Pamwamba pa tsamba lakelo pankalembedwa ndi zilembo zikuluzikulu, zakuda bii, kuti BODZA LA LOWERUKA: MUSAKHULUPIRIRE, INGOSEKANI, ndipo pansi pake iye ankapeka nkhani n'kuzilemba mwaulemu wonse ngati zochitikadi. Ndiye analemba za mbuzi ya ku Musatero imene inakana kudya udzu wa pabwalo la boma poopa kufunsidwa chiphaso. Ndiye analembanso za bambo wa ku Tidzaona amene anaima pamzere wa feteleza ali mnyamata n'kufika kutsogolo ali ndi zidzukulu. Nkhani imodzi yokha ndi imene mkonzi anamukanira, ya mlatho umene unatsekulidwa katatu usanamangidwe, chifukwa inali yoona.

Zakeyo anali ndi kaulesi kena. Nkhani ankapeka, koma mayina ankachita kubwereka kwa abale ake. Wobwerekedwa kawirikawiri anali Felesiya Namaona, mwana wa malume ake, amene ankakazinga mtedza pamsika wa Tsitsaniko. Asuweni kunyozana ndiye chakudya chawo, ndipo awiriwa anayamba kale, akusewera maliseche pabwalo. M'nyuzi ya Zakeyo, Felesiya anali atamenyapo fisi ndi chipande, atapezekapo ndi mano makumi asanu, atakanapo ukwati wa nduna chifukwa cha kununkha kwa masokosi. Iye sankakwiya. Ankangobwezera pouza msika wonse kuti wolemba wotchukayo ankanyowetsa mphasa mpaka ali Sitandade 5.

Loweruka lina Zakeyo analemba motere:

"Mayi Felesiya Namaona a pamsika wa Tsitsaniko adzisumira okha kubwalo la milandu chifukwa chodya nkhuku yawo. Mayiwa auza bwalo kuti thadzilo ankalisunga kuti liziikira mazira, koma Lamulungu lapitali, iwo eni ake akuona, mayi Namaona analipha n'kulidya lonse ndi zipalapasiro zomwe. Wozengedwa mlandu anapempha chifundo ponena kuti inali nkhuli chabe, koma wodandaula anakana kwamtuwagalu, nati munthuyu amamudziwa bwino, akamusiya adzadya ndi tambala yemwe. Bwalo lawalamula kukakhala kundende miyezi isanu ndi umodzi. Potuluka, mayi Namaona ati akhutira ndi chigamulochi."

Msika unaseka tsiku lonse. Felesiya anati nkhaniyo inali yozizira ngati mwini wake, kenaka anachita zimene ankachita sabata iliyonse: anatolera manyuzi otsala n'kuwadula tizipepala tokulungira mtedza. Tsamba la msuweni wake ankalikonda chifukwa linalibe zithunzi za mfumu, zimene kukulungiramo chakudya unali mlandu. Koma kam'mwamba kake, kamene kanali ndi zilembo zikuluzikulu zija, ankayamba wakang'amba n'kukataya, chifukwa inki yake inkasungunuka ndi kutentha n'kudetsa mtedza. Mayi waukhondo anali ameneyu, ndipo ukhondo wakewo ndi umene unagwedeza dziko.

Lolemba lililonse wophika wa kunyumba yachifumu ankagula mtedza kwa Felesiya, chifukwa Mfumu Ndamvakale sinkatha kukhala pamsonkhano wa nduna popanda chotafuna. Lolemba limenelo msonkhano unali wowawa. A Mwatero, Nduna ya Zachilungamo ndi Kuomba M'manja, ankawerenga madandaulo a anthu, ndipo anali matumba atatu. Uyu msewu, uyu chipatala chopanda mankhwala, uyu sukulu yosasuka denga. Mfumu inamaliza mtedza thumba loyamba lisanathe. Posowa chochita ndi zala, inatambasula kapepala kokulungira mtedza kaja, n'kukasalaza pabondo, n'kuwerenga. Kwa zaka khumi ndi chimodzi aka kanali koyamba kuti iwerenge chinthu ndi maso ake, osachita kuiwerengera.

Nduna zinangoona misozi ikulengeza m'maso mwa mwini dziko. Mfumu inaimirira, inalamula a Mwatero kuti atseke pakamwa, ndipo inawerenga nkhani yonse mokweza, mawu akunjenjemera pofika pa zipalapasiro. Itamaliza inaloza matumba aja.

"Anthu matumba atatu akuloza ine chala," inatero mfumu. "Koma m'dziko langa lomweli muli mayi mmodzi amene atalakwiridwa anafufuza bwinobwino n'kupeza kuti wolakwa ndi iye mwini. Bwanji simunandiuze za mayi ameneyu?"

Palibe nduna imene sinkalidziwa tsamba la Zakeyo. Zonse zinkaliwerenga mobisa, zina m'galimoto, zina kuchimbudzi. Koma ku Tavomera kunali malamulo awiri amene ngakhale mwana woyamwa ankawadziwa. Loyamba linkati chimene mfumu yanena ndi pakamwa pake pamsonkhano chimalembedwa m'Buku Lalikulu, ndipo kuyambira pamenepo n'choona. Lachiwiri linkati aliyense wonena kuti mfumu yapusitsidwa, kapena wopezeka kuti ndiye waipusitsa, amaolotsedwa mtsinje wa Osabwerera ndi zovala za m'thupi zokha. Tsono nduna zinayang'ana nsapato zawo, iliyonse ngati ikuziona koyamba. A Mwatero, pokumbukira theka lachiwiri la udindo wawo, anayamba kuomba m'manja.

Dzuwa lisanapendeke lamulo linali litatuluka, dzina lake Yamba ndi Iwe Mwini. Kuyambira tsiku limenelo palibe bwalo limene linkaloledwa kumva mlandu wosumira munthu wina, ngakhale boma. Aliyense wokhala ndi chakukhosi anayenera kudzisumira yekha. Bokosi la madandaulo la pachipata cha mfumu linazulidwa. M'bwalo lililonse anaikamo mabenchi awiri oyang'anizana, kumanzere la wodandaula, kumanja la wozengedwa mlandu, ndipo pakati anasesapo bwino kuti munthu asapunthwe posintha mbali.

Mungaganize kuti anthu anakwiya. Anthu a ku Tavomera sakwiya, amangoti "chabwino" n'kupita kukachita chinthucho mopyola muyezo mpaka wolamulayo achite nacho manyazi, ngati manyaziwo ali nawo. M'mawa mwake mizere inafika kumsewu. Wakabaza wina amene anathyola njinga m'dzenje la pamsewu waukulu anadzisumira chifukwa choyenda pamsewu wa boma ngati kuti ndi msewu. Mayi wina anadzisumira chifukwa chodwala malungo pa nthawi yolakwika, chipatala chisanakonzeke. Wina anadzisumira chifukwa cholola mwamuna amene aliyense anali atamuchenjeza za iye, ndipo anawina mlanduwo amayi anzake akuimba nthungululu. Bambo wina wa ku Musatero anakhala pabenchi la wodandaula tsiku lonse kudikira wozengedwa mlandu, kenaka anapempha apolisi kuti akamugwire munthuyo, ndipo apolisiwo, posafuna kuyenda, anamugwirira pomwepo.

Kwa Felesiya masiku oyamba anali a chikondwerero. Anamutcha Mayi wa Chitsanzo, anamutumizira chitenje cha nkhope ya mfumu, ndipo anthu ankachokera kutali kudzagula mtedza wa munthu amene anadzimangitsa. Zakeyo akadutsa ankamuitana mokweza kuti abwere adzagwade, popeza bodza lake lamukweza msuweni wake kuposa iye. Zakeyo ankaseka nawo, koma kuseka kwake kunali kwa pamano pokha. Ankadziwa kuti zilembo zikuluzikulu zija zikadzapezeka, woolotsedwa mtsinje ndi iye. Anayamba kuyenda m'mbali mwa makoma, ndipo Loweruka lotsatira analemba za nyengo.

Zinthu zinatembenuka sabata yachiwiri. A Mwatero, munthu wokonda kuti mapepala azigwirizana, anapita kundende ya Khalanikaye kukajambulitsa ndi Mayi wa Chitsanzo m'chipinda chake, n'kupeza kuti kulibe. Anabwerera thukuta lili kamukamu. Buku Lalikulu linkanena kuti mayiyu analamulidwa miyezi isanu ndi umodzi, ndipo Buku Lalikulu silinkanama. Chitsanzo chosamalizika chikanasokoneza ana asukulu. Lachiwiri Felesiya analandira kalata ya m'mphepete mwagolide yomuyamikira ndi kumudziwitsa kuti Lachisanu m'mawa bandi ya apolisi idzamutenga pamsika n'kumuperekeza mwaulemu wonse kukayamba chilango chake.

Zakeyo anamva Lachitatu ndipo anathamangira kumsika. Anapeza chiwaya chili chovundikira, mbaula yozizira, Felesiya atakhala pachitini manja ali pamiyendo. Anadikira kuti amutukwane. Akanakonda atamutukwana, atamugenda ndi chikho, atauzanso msika wonse za mphasa ija. Koma Felesiya anangomusunthira mpando, ndipo ulemu umenewo unamuopsa Zakeyo kuposa mtsinje.

Anamufotokozera modekha kuti anapita kwa a Mwatero kukawauza kuti iye nkhuku sanawetepo chibadwire, ngakhale khola alibe. A Mwatero anamuyankha kuti n'zomveka kuti alibe, popeza anaidya. Atanena kuti kubwalo sanapondeko, anamuuza kuti kudzichepetsa kwake ndi kumene mfumu ikumukondera. Felesiya anali mayi wamasiye wa ana aakazi atatu, ndipo onse ankadya kuchokera m'chiwaya chomwecho.

"Ana ndawagawa kale," anatero. "Wamkulu apita kwa azakhali ake, awiriwa akakhala kwa iwe. Wamng'onoyo sagona popanda kumusisita pamsana. Uzikamusisita, Zakeyo, usamakamuuze nthabwala."

Zakeyo anafuna kunena kanthu koseketsa, popeza ndi chida chokhacho chimene anali nacho, koma anangodzuka pampandopo. Anachoka pamsikapo mwamanyazi. Tisamukometsere, Zakeyo anali wamantha. Anali munthu woti galu akauwa kutsidya iye amatseka zenera kuno. Tsiku lonselo anayesa makomo onse amene munthu wamantha angayese. Anapita kwa mkonzi wake, a Zingani, kukapempha kuti nyuzi ilembe mawu okonza nkhaniyo. A Zingani anamuyankhira pazenera kuti Zonse Zili Bwino sikonza nkhani, chifukwa kukonza n'kuvomera kuti china sichinali bwino. Anapita pachipata cha mfumu, koma alonda anamuonetsa dzenje pamene panali bokosi la madandaulo. Anapita kwa loya, loya n'kumuuza kuti masiku ano iye amangobwereketsa majekete awiri, lakuda ndi lotuwa, kuti munthu azisintha posintha benchi.

Khomo lotsala m'dziko lonse linali limodzi. Lachinayi m'mawa Zakeyo anavala malaya awiri, thalauza ziwiri ndi jekete pamwamba, poganizira kuti kutsidya kwa Osabwerera amalola zovala za m'thupi zokha, ndipo anapita kukadzisumira.

Mlandu wa Zakeyo Kamphonda wotsutsana ndi Zakeyo Kamphonda unagwera a Jaji Kaphwiti, nkhalamba imene inatsala ndi zaka ziwiri kuti ipume pantchito ndipo inkafunitsitsa kukapumira tsidya lino. Mbiri itamveka kuti wa Bodza la Loweruka wadzisumira, msika unatsekeka wokha. Anthu anadzaza bwalo mpaka m'mazenera, akuyembekezera kuseka. A Mwatero nawo anabwera n'kukhala kutsogolo. Kumbuyo kwenikweni, pafupi ndi chitseko, kunaima Felesiya.

Zakeyo anakhala kumanzere, pabenchi la wodandaula. Anauza bwalo kuti akusumira munthu wabodza, waulesi, amene amatenga mayina a abale ake n'kuwasandutsa choseketsa. Ananena kuti nkhani ya nkhuku inapekedwa Lachitatu lina masana, wolembayo atakhuta mbatata, ndipo panalibe nkhuku, panalibe mlandu, panalibe chigamulo. Anatulutsa nyuzi yathunthu, yosang'ambika, n'kuikweza kuti aliyense aone zilembo zikuluzikulu zija. Kuseka kumene anthu anabwera nako kunathera m'mimba.

Kenaka anayenda masitepe asanu n'kukakhala kumanja. A Jaji anamufunsa ngati wamva zimene akumunenera.

"Ndamva, bwana, ndipo ndikuvomera zonse," anatero Zakeyo. "Munthuyu sakunama. Ndiolotseni ine, mayi ajawa muwasiye."

A Jaji Kaphwiti anavula magalasi, anawapukuta, anawavala, anawavulanso. Iwo ankaona chimene Zakeyo sanachiganizire. Kuvomereza kuti nkhaniyo ndi yabodza kunali kulemba ndi dzanja lawo kuti mfumu inapusitsidwa ndi pepala la mtedza, ndipo bwato la pa Osabwerera limakwana anthu awiri bwinobwino. Anayang'ana a Mwatero, a Mwatero n'kuyang'ana kudenga. Tsono anatuma kalaliki kuti akatenge Buku Lalikulu. Linabwera pawilibala. Kalaliki anatsegula, nawerenga nkhani ya nkhuku monga inatulukira pakamwa pa mfumu, tsiku ndi ola lake.

Chigamulo sichinachedwe. A Jaji anati nkhaniyo ili m'Buku, choncho ndi yoona. Ngati ndi yoona, woilemba sananame. Ngati sananame, sangavomere mlandu wa bodza, ndipo kuvomera kwakeko bwalo likukukana. Za zilembo zikuluzikulu zija anati ndi kudzichepetsa kwa mlembi waluso, kumene ana a masiku ano ayenera kutengerapo phunziro. Bwalo linapeza kuti wozengedwa mlandu, bambo Kamphonda, ndi munthu wachilungamo amene cholembera chake mfumu yeniyeni yachikhulupirira, ndipo chimene iye wanena ngati nkhani palibe wochitsutsa. Koma wodandaula, bambo Kamphonda, anaipitsa mbiri ya munthu wosalakwa pamaso pa gulu, ndipo chilango chake chinali miyezi isanu ndi umodzi ku Khalanikaye.

A Mwatero anaomba m'manja okha. Zakeyo anaimirira osadziwa benchi loti akhalepo, ndipo anangoti khuma pansi, pakati pa mabenchi awiriwo, thukuta likuyenderera m'malaya onse awiri. Ananena zoona kamodzi m'moyo wake, ndipo zoonazo zinamumangitsa popanda kumasula aliyense. Anatembenuka kuyang'ana kuchitseko. Felesiya anali pomwepo, ndipo m'khwapa mwake munali kamtolo ka bulangete ndi mbale, komanga kale, kodikira mawa. Mtima wa Zakeyo unawawa kwambiri.

Mwina ndi kuwawako kumene kunamutsegula mutu. Anadzuka pang'onopang'ono n'kufunsa a Jaji, mwaulemu, ngati wamva bwino kuti chilichonse chimene wozengedwa mlandu anganene ngati nkhani ndi choona. A Jaji, amene anali atayamba kale kulongedza mapepala, anati chigamulo sachibwereza kawiri ngati nyimbo ya kwaya. Zakeyo anapita kubenchi la kumanja, anakonza jekete, anatsokomola, n'kuyankhula ndi mawu a pawailesi.

"Nkhani imene yangotipeza kumene. Mayi Felesiya Namaona, amene anadzisumira pa mlandu wa nkhuku, akhululukirana. Wodandaula wati mkwiyo wake watha, ndipo wauchotsa mlanduwo m'bwalo pamodzi ndi chilango chake. Awiriwa akuti apitiriza kukhala nyumba imodzi."

Kuseka kumene kunatsekeredwa kuja kunaphulika mpaka a m'mazenera anagwera kunja. A Mwatero anadumpha n'kunena kuti zimenezo sizingatheke, bandi yakhala ikuyeserera sabata yonse, ndipo mkulu wa ndende wapaka kale laimu chipinda. A Jaji Kaphwiti anawayang'ana pamwamba pa magalasi. Kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo nkhalambayo inaoneka ngati ikusangalala ndi ntchito yake.

"A Nduna," anatero, "kodi mukunena kuti munthu amene mfumu inamukhulupirira akunama? Yankhulani mokweza, kalaliki alembe."

Manja a nduna ija, amene nthawi zonse ankaganiza msanga kuposa mutu, anayamba kuomba okha.

Lamulo la ku Tavomera linkafuna kuti wokhululuka atsimikize yekha, choncho anaitana Felesiya kutsogolo. Anayenda mosafulumira, kamtolo kake kali m'khwapa, n'kukhala kumanzere. A Jaji anamufunsa ngati wamukhululukiradi mayi Namaona. Wina aliyense akanayankha funso lisanathe. Felesiya anayamba wakonza duku, anayang'ana benchi lopanda munthu la kumanja kuyambira kumwamba mpaka pansi, anapukusa mutu ngati akukumbukira kunona kwa thadzi limene sanalionepo. Zakeyo anatsala pang'ono kukomoka.

"Ndamukhululukira, bwana," anatero pomaliza. "Ndi mayi wa ana, ndipo ana akewo ndi anga omwe. Koma asadzayambirenso."

Kalaliki analemba, a Jaji anamenya tebulo, ndipo amayi a pamsika anamunyamula Felesiya m'mwamba ndi kamtolo komwe. Mkati mwa phokosolo sajeni wa polisi anafika kutsogolo, unyolo uli m'manja, n'kufunsa funso limene linamusowetsa mtendere: atenge uti? Wodandaula anayenera kupita kundende, koma wozengedwa mlandu anali mfulu, ndipo kumumanga munthu amene bwalo langomuyeretsa unali mlandu wina. Komanso a Mwatero, pofuna kuti tsikulo lisawathere chabe, anali atalengeza kale kuti munthu wachilungamo chotere sangamataye nthawi kutsamba lomaliza, ayambe kulemba tsamba loyamba.

A Jaji anaganiza pang'ono n'kugawa munthuyo monga amagawira munda wa abale okangana. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu Zakeyo wodandaula azikhala ku Khalanikaye. Lachiwiri, Lachinayi ndi Loweruka Zakeyo wachilungamo azipita kuntchito. Za Lamulungu anati awiriwo akagwirizane okha. Bandi nayo sinayeserere pachabe. Lachisanu m'mawa inamutenga Zakeyo pakhomo pake n'kumuperekeza mumsewu waukulu, malipenga akulira, woimba ng'oma akuzemba maenje, ndipo msika wonse unatsatira pambuyo ukuvina.

Umu ndi mmene Ufumu wa Tavomera unakhalira ndi a Zakeyo awiri, wonena zoona ali m'ndende, wabodza ali muofesi ya kapeti. Wa muofesiyo ankalemba za zokolola zochuluka ndi zipatala zodzaza mankhwala, ndipo ankati ntchitoyo sinasinthe kwenikweni, kungoti tsopano palibe amene ankaseka.

Felesiya anatsatira chigamulo cha bwalo kuposa wina aliyense. Lolemba, Lachitatu ndi Lachisanu ankatseka chiwaya masana, n'kuyenda ulendo wonse wa ku Khalanikaye ndi bakuli la chakudya pamutu, ana ake atatu ali pambuyo. Ankakhala naye msuweni wakeyo pawaya mpaka belu, akumuuza nkhani za pamsika, akumunena kuti yunifolomu ya ndende ikumukhala kuposa jekete. Tsiku lina, ana atatsogola, anamugwira zala kudzera pawayapo n'kunena kuti zikomo, kamodzi kokha, mofulumira, ngati munthu womeza mankhwala owawa.

Koma Lachiwiri lina Zakeyo, ali mfulu, tayi ili pakhosi, anaima pa chiwaya chake pamsika n'kumupatsa moni. Felesiya sanadzutse mutu. Anapitiriza kutakasa mtedza ngati pamaso pake paima mtengo. Zakeyo anabwereza moniwo, nakumbutsa kuti dzulo lomweli anadyera m'bakuli lake.

"Amene anadya dzulo ndi msuweni wanga," anatero Felesiya. "Inu ndinu abodza aja munafuna kundimangitsa. Sunthani, mukutchinga makasitomala. Koma mukamuona mnzanuyo mumuuze kuti asadye za kundende mawa, ndikubwera ndi futali."